Kodi kulongedza katundu n'kofunikira digiri yachiwiri?

Funso: Ndine bambo wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo ndili ndi malole angapo amene amanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Kanengo. Mwana wanga wamkazi akumaliza digiri ya sayansi ya makompyuta, ndipo akuti akufuna kupitiriza maphunziro kuti akachite kafukufuku wa kalongedzedwe ka katundu m'mabokosi ndi m'magalimoto. Akuti kuli akatswiri amene adathera moyo wawo wonse pa nkhani imeneyi. Ine sizikundimvekera, chifukwa anyamata anga okweza katundu amachita zomwezo tsiku ndi tsiku opanda setifiketi. Kodi amenewa ndi maphunziro enieni, ndipo munthu angadyerepo?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mwana wanu sakukunamizani, akatswiri oterowo alipo ndithu, ndipo mbiri ya mmodzi mwa iwo ndiifotokoza pano. Inunso simukulakwa ponena kuti anyamata anu amaidziwa ntchito. Koma taganizani za nthawi imene amaliza kukweza, akoka tenti n'kumanga zingwe: aliyense pamalopo akuona kuti katundu wakwana, koma palibe amene angalumbire kuti sipakadapezeka kalongedzedwe kena kamene kakadapulumutsa ulendo umodzi wathunthu ndi dizilo wake. Katswiri amalimbana ndi funso limenelo, ndipo chimene amafuna kupereka ndi umboni wa masamu wosonyeza kuti njira yakutiyakuti, zivute zitani, singawononge malo oposa apa.

Titenge chitsanzo cha pa ntchito yanu yomwe. Tinene kuti lole iliyonse imanyamula matani 10, ndipo mwalandira maoda 6 amene eni ake sakulola kuti agawidwe pa magalimoto awiri. Maoda atatu ndi a matani 3, ena atatu ndi a matani 7. Ngati ang'onoang'onowo ndiwo afika m'mamawa, ndipo anyamata akuika oda iliyonse mu lole yoyamba imene ili ndi malo, onse atatu alowa mu lole imodzi n'kukwana matani 9, kenako oda iliyonse ya matani 7 ifuna lole yakeyake, ndipo pageti patuluka malole anayi. Mukadadikira kuti katundu yense afike n'kuyamba ndi wolemera, oda iliyonse ya matani 7 ikadakwera limodzi ndi ya matani 3, malole atatu n'kukwanira. Lamulo loti muziyamba ndi zazikulu n'kumatseka mipata ndi zazing'ono amalidziwa aliyense wozolowera ntchitoyi, ndipo m'mabuku limatchedwa First Fit Decreasing.

Lamuloli nalo limagwa. Tsiku lina maoda ndi a matani 5, 4, 3, 3, 3 ndi 2, onse pamodzi matani 20. Mukayamba ndi olemera, 5 ndi 4 alowa mu lole yoyamba n'kutsala malo a tani imodzi, maoda atatu a matani 3 alowa mu yachiwiri n'kutsalanso tani imodzi, ndipo oda ya matani 2 isowa pokwera, moti muliza lole yachitatu chifukwa cha kakatundu kochepa. Chikhalirecho 5, 3 ndi 2 akukwana 10 ndendende, 4, 3 ndi 3 akukwananso 10, ndipo malole awiri akadatha ntchito yonse. Apa yankho laoneka msanga chifukwa maoda ndi ochepa.

Mwina mufunsa kuti, popeza makompyuta ndi achangu, bwanji osangoiuza kompyuta kuti iyese njira zonse n'kusankha yabwino? Vuto ndi kachulukidwe ka njirazo. Zinthu 10 zingagawidwe m'magulu m'njira 115,975, zimene kompyuta imamaliza musanaphethire. Zinthu 20 zili ndi njira zoposa 51 thililiyoni. Zikafika 30, kompyuta yoyesa njira biliyoni imodzi pa sekondi ingafunike zaka zoposa 26 miliyoni, ndipotu maoda 30 si ambiri pa kampani ya mtengatenga. Akatswiri ali ndi nzeru zodumphira njira zambiri zosathandiza, koma mpaka lero palibe amene adapeza ndondomeko yachangu yopereka yankho labwino koposa nthawi zonse, katundu achuluke bwanji. Mu 1971 Stephen Cook, ndipo mu 1972 Richard Karp, adasonyeza kuti pali gulu lalikulu la mavuto, lotchedwa NP-complete, amene ndi omangirirana mwakuti wopeza njira yachangu ya limodzi wapeza ya onse. Funso loti katundu wakutiwakuti angakwane m'malole angati lili m'gulu lomweli. Ambiri amakhulupirira kuti njira yachanguyo kulibe, koma palibe amene watsimikiza, ndipo m'chaka cha 2000 bungwe la Clay Mathematics Institute lidaika mphotho ya madola 1 miliyoni kwa amene adzathetse mtsutsowu. Ndalamazo zikadali pomwepo.

Munthu amene dzina lake limabwera msanga pa nkhaniyi ndi David S. Johnson wa ku America, amene adabadwa mu 1945 n'kumwalira mu 2016. Adayamba ndi masamu ku Amherst College, kumene adamaliza mu 1967, kenako adapita ku yunivesite ya MIT, ndipo digiri yake ya udokotala wa kafukufuku (PhD) ya mu 1973 idali pa vuto la malole anu lomweli, limene akatswiri amalitcha bin packing, kutanthauza kulongedza m'mabokosi, bokosi lililonse kukhala ngati lole imodzi. Johnson adavomereza kuti yankho langwiro silipezeka mwachangu, n'kufunsa funso lina: malamulo osavuta amene anthu amatsata kale angatitayitse zochuluka bwanji tsiku limene zinthu zavuta koposa? Pa lamulo lija loti muziyamba ndi zolemera adatsimikiza kuti mabokosi ogwiritsidwa ntchito sangapitirire magawo 11 pa magawo 9 aliwonse a yankho labwino koposa, kuphatikizapo mabokosi anayi apadera. Umboni wake udatenga masamba ambirimbiri, chifukwa sudali wa katundu wa tsiku limodzi ayi, udali wa katundu aliyense amene angabwere, ngakhale wosankhidwa mwadala kuti asokoneze lamulolo. Pa lamulo longoika chinthu m'bokosi loyamba limene lili ndi malo, osayamba wasanja, iye ndi anzake adapeza kuti mungagwiritse ntchito mabokosi pafupifupi 17 pamene 10 akadakwanira. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndiye mtengo wa kusadikira kuti katundu yense afike.

Mabokosi anayi apadera aja adavutitsa anthu nthawi yaitali. Brenda Baker adawatsitsa kufika atatu mu 1985 ndi umboni wofupikirapo, ndipo mu 2007 György Dósa wa ku Hungary adasonyeza kuti chowonjezera chenicheni ndi magawo 6 mwa 9 a bokosi limodzi, ndiponso kuti sichingatsikenso. Kwa inu izi zikutanthauza kuti ngati katundu akadakwana m'malole 9, lamulo loyamba ndi zolemera silingakutulutsitseni malole oposa 11, ndipo ngati akadakwana maulendo 90 simungapitirire 110. Masiku ambiri lamuloli limachita bwino kwambiri kuposa pamenepa. Kuchokera pa ntchito ya Johnson kufika pa ya Dósa padapita zaka 34, ndipo ndikutchula zimenezi dala, chifukwa mwana wanu ayenera kudziwa kuti kafukufuku wa mtundu uwu amafuna munthu wopirira, wokhoza kukhala miyezi pa funso limodzi osaona kuti akusuntha.

Atamaliza maphunziro, Johnson adalowa ntchito ku Bell Labs, nthambi ya kafukufuku ya kampani ya matelefoni ya AT&T, ndipo adakhala m'kampaniyo zaka 40, kuyambira 1973 mpaka 2013, zambiri mwa izo akutsogolera gulu lofufuza ndondomeko zowerengera ndi kagawidwe kabwino ka zinthu. Kampani ya mafoni idalipira munthu wotereyu zaka zonsezo chifukwa nayo imalongedza: mauthenga m'mawaya amene ali ndi malire, ntchito pa makina owerengeka, amisiri m'maola a tsiku. Mu 1979 iye ndi Michael Garey adatulutsa buku lotchedwa Computers and Intractability, limene lili ndi mndandanda wa mavuto oposa 300 a m'gulu lovuta lija, ndipo mpaka pano ndi limodzi mwa mabuku otchulidwa kwambiri mu sayansi ya makompyuta. Kumayambiriro kwake kuli zithunzi zojambula pamanja za wantchito amene bwana wamutuma kupeza njira yachangu ya vuto lina koma walephera. M'malo mouza bwanayo kuti nzeru zamuchepera, akuloza mzere wautali wa akatswiri otchuka amene nawonso adalephera. Phindu lake kwa bwana n'lakuti amasiya kutaya ndalama pofunafuna chosapezeka, n'kuyamba kufuna njira yabwino mokwanira.

Chimene ine ndimachilemekeza kwambiri mwa Johnson ndi chakuti sadakhutire ndi umboni wa papepala wokha. Adaona kuti njira imene ili ndi chitsimikizo chokongola nthawi zina imagonja pa katundu weniweni kwa njira ina yopanda chitsimikizo chilichonse, motero adalimbikira kuti ndondomeko zizilembedwa kukhala mapulogalamu n'kuyesedwa mwachilungamo, pa mavuto ofanana, wina aliyense atha kubwereza n'kupeza zomwezo. Cha m'ma 1990 adayambitsa mipikisano ya DIMACS, kumene magulu a ofufuza amapatsidwa mavuto amodzimodzi kuti zioneke njira imene ikugwiradi ntchito. Mu 2010 adalandira mphotho ya Knuth, imene imapatsidwa kwa akatswiri a sayansi ya makompyuta, ndipo zaka zake zomaliza adaphunzitsa ku Columbia University. Moyo wake wa ntchito udayenda m'mbali zonse zitatu, masamu, kampani ndi kalasi, ndipo akatswiri ambiri a nthambiyi amayenda momwemo.

Nkhaniyi sidayambe ndi makompyuta. Mukapita ku Mchesi mupeza kalipentala ataika bolodi ya plywood pa benchi, pensulo ili kukhutu, akutembenuzatembenuza tepi kuti aone ngati zitseko za kabati ndi mashelefu zingatuluke mu bolodi imodzi ya mafiti 8 kwa 4, kapena agulenso ina. Wowotcherera zitsulo wodula mabagala m'zitsulo za mamita 6 ali pa vuto lomwelo, ndipo tizidutswa totsala pansi ndi ndalama yake. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, akuluakulu a mafakitale a plywood ku Leningrad adapita kwa katswiri wa masamu Leonid Kantorovich ndi funso la kagawidwe ka ntchito pa makina awo. Yankho lake, limene adasindikiza mu 1939, lidali chiyambi cha linear programming, masamu opezera kagawidwe kopindulitsa koposa pamene zipangizo, nthawi ndi ndalama zili ndi malire, ndipo mu 1975 adalandira mphotho ya Nobel pa zachuma. George Dantzig adapeza njira yowerengera mavuto otere, yotchedwa simplex, mu 1947. Mu 1961 Paul Gilmore ndi Ralph Gomory a ku IBM adasonyeza mmene fakitale ingadulire mipukutu ikuluikulu m'miyeso imene makasitomala akufuna popanda kulemba kadulidwe kalikonse kotheka, poti n'kosawerengeka. Amayamba ndi kadulidwe kochepa, masamu n'kumaloza kamodzikamodzi kadulidwe katsopano kamene kangatsitse mtengo. Mafakitale a mapepala ndi zitsulo amadalirabe nzeru imeneyi.

Palinso mbali ina imene ili ya masamu okhaokha, ndipo mungachite bwino kumufunsa mwana wanu ngati ndi imene yamukopa. Mayi wogulitsa malalanje mumsika wa Lilongwe akamaunjika mulu, lalanje lililonse lapamwamba limakhala pakampata ka apansi. Mu 1611 Johannes Kepler adanena kuti palibe kaunjikidwe ka zinthu zobulungira zofanana kamene kangadzaze malo kuposa aka, kamene kamadzaza pafupifupi magawo 74 mwa 100. Aliyense ankaona kuti n'zoona, koma umboni udabwera mu 1998 kuchokera kwa Thomas Hales mothandizidwa ndi kompyuta, ndipo kutsimikiza kotheratu kudamalizika mu 2014. Maryna Viazovska wa ku Ukraine adathetsa funso lofanana nalo pa malo ongoganizira m'masamu a miyeso 8 (malo athu ali ndi miyeso itatu: mulitali, mulifupi ndi msinkhu) mu 2016, n'kulandira mendulo ya Fields, mphotho yapamwamba ya masamu, mu 2022, mayi wachiwiri kuilandira chiyambire. Masamu amenewa ali pachibale ndi njira zotetezera mauthenga a foni kuti asasokonezeke panjira, koma wosankha mbali iyi akusankha moyo wa ku yunivesite, ndipo malole anu sadzawathandiza mwachindunji.

Tsopano za kudyerapo. M'maiko olemera anthu odziwa ntchitoyi amafunidwa kwambiri, ndi makampani a ndege pokonza ndandanda ya oyendetsa, makampani otumiza katundu, ndiponso eni nyumba zikuluzikulu za makompyuta, kumene mapulogalamu a makasitomala ambirimbiri amayenera kugawidwa pa makina ochepa momwe zingathekere kuti magetsi asawonongeke. Kuno kwathu simudzaona kawirikawiri ntchito yolengezedwa m'nyuzipepala ndi dzina la nthambiyi, ndipo ndingakhale ndikukunamizani nditati mabwana akuidikira ndi manja awiri. Imabisala m'maudindo a zogulagula, zamtengatenga, zosunga katundu ndi zosanthula manambala. Koma mavuto ake ali ponseponse. Dziko lathu lilibe doko, katundu wathu amadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo kontena ya mafiti 40 yobwera ndi malo opanda kanthu imalipiridwa ulendo wonse ngati yodzaza. Mankhwala ochokera kunkhokwe ayenera kufika kuzipatala zing'onozing'ono za kumidzi ndi magalimoto owerengeka, mabelo a fodya ayenera kufika kuokushoni pa tsiku lake, feteleza ayenera kufika m'madepoti mvula isanagwe, ndipo sukulu iliyonse yaikulu imavutika ndi ndandanda ya mayeso m'zipinda zochepa.

Chimene chimalepheretsa ntchitoyi kuno si kusowa kwa masamu kapena makompyuta amphamvu. Mapulogalamu monga OR-Tools ya Google ndi HiGHS ndi aulere, amayenda pa laputopu wamba, ndipo vuto laling'ono limatheka ndi Solver ya mu Excel. Chosowa ndi manambala olondola. Makampani ambiri sadziwa kulemera ndi kukula kwenikweni kwa katundu wawo, mtunda amaungoyerekeza, ndipo nthawi imene lole imataya podikira kutsitsa siilembedwa paliponse. Pulogalamu ikapatsidwa manambala ongopeka imatulutsa ndondomeko yooneka bwino papepala imene dalaivala amaikana tsiku loyamba lomwe, ndipo amakhala akulondola.

Apa ndi pamene anyamata anu ali aphunzitsi. Lole ikamapita kumpoto pa msewu wa M1, amadziwa kuti katundu wa ku Kasungu alowe koyamba, wa ku Madisi pakati, wa ku Mponela pafupi ndi chitseko, poti ndiye woyamba kutsika. Amadziwa kuti sopo sagona pafupi ndi ufa kapena shuga, kuti matumba a makilogalamu 50 amayalidwa mopingasana kuti asagumuke pokhota, kuti makatoni a mafuta ophikira sapirira kusanjikizidwa kwambiri, ndiponso kuti katundu akhoza kukhala wosapitirira matani ololedwa koma n'kulemetsa matayala akumbuyo okha, chindapusa n'kukupezani pasikelo ya pamsewu. Chitsanzo changa cha matani 10 chija chilibe chilichonse mwa izi. Luso lenileni la katswiri wothandiza makampani ndi kumvetsera anthu ngati amenewa, kusandutsa chimene akudziwa kukhala malamulo amene kompyuta ingatsate, ndi kuzindikira malamulo amene ali ofunikadi ndi amene angokhala chizolowezi. Mbali imeneyi siphunzitsidwa mokwanira m'kalasi, ndipo mwana wokulira pakhomo pa malole wayamba kale patsogolo pa anzake.

Ena akunena kuti nzeru zopangidwa za makompyuta zithetsa ntchitoyi. Ine sindikuona choncho. Mu 2023 ofufuza a Google DeepMind adalengeza kuti pulogalamu yawo ya FunSearch idapeza malamulo atsopano a bin packing amene adaposa akale pa mayeso amene adachita. Ndi chinthu chenicheni, koma amene adaika funsolo, kusankha mayeso ndi kuweruza zotsatira adali anthu odziwa nthambiyi, ndipo lamulo lopambana pa mayeso silikhala ndi chitsimikizo chonga cha Johnson pokhapokha wina atachipeza.

Ngati mtima wake uli pamenepa, alimbikire masamu kuposa kuloweza zilankhulo zambiri za mapulogalamu, makamaka linear algebra, masamu a mwayi, ndi kulemba umboni. Chilankhulo chimodzi cha mapulogalamu, Python, chochidziwa bwino ndi chokwanira poyambira. Digiri yachiwiri ndi yofunikadi, chifukwa digiri yoyamba imangokhudza nkhanizi pamwamba. African Institute for Mathematical Sciences, imene idayamba ku Cape Town mu 2003 ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, imapereka digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, ndipo osankhidwa amalipiriridwa maphunziro, malo ogona ndi chakudya, choncho n'koyenera kuyesako musanaganize zogulitsa lole. Kulikonse kumene angapite, ayang'ane kaye mphunzitsi amene adzamuyang'anire, awerenge zimene mphunzitsiyo adalemba posachedwapa, ndipo afunse kumene ophunzira ake akale akugwira ntchito. Dzina la yunivesite lisamukope kuposa zimenezi. Ya udokotala adzaiganizire pambuyo pake, ataona ngati amakonda kufufuza kapena kuthetsa mavuto a makampani, pakuti imatenga zaka zinayi kapena zisanu pa ndalama yochepa.

Musanalipire kalikonse, pali njira yoyesera zonsezi pakhomo panu pomwe. Mupatseni madelivale noti a miyezi ingapo yapitayi, alembe oda iliyonse ndi kulemera kwake, kumene inkapita ndi lole imene idanyamula. Pa tsiku lililonse aphatikize matani onse n'kugawa ndi mphamvu ya lole imodzi: nambala yotulukayo, ikakwezedwa kufika pa nambala yathunthu, ndiyo maulendo ochepetsetsa amene munthu aliyense kapena kompyuta iliyonse sangatsike pansi pake. Kenako ayerekeze ndi maulendo amene mudayendadi. Pamene manambala awiriwa akufanana, anyamata anu adachita bwino koposa ndipo palibe pulogalamu imene ikadawaposa. Pamene asiyana, akhale pansi ndi dalaivala ndi okweza katundu kuti apeze chifukwa chake, poti nthawi zina chidzakhala kasitomala amene adachedwa kapena msewu umene udaduka ndi mvula, nthawi zina chidzakhala kalongedzedwe. Masiku a mtundu wachiwiriwu awawerenge, awachulukitse ndi mtengo wa ulendo umodzi, ndipo akubweretsereni nambalayo mu makwacha.